Katundu wa m'sitolo yanu ya pa intaneti simunamuyeze, nanga ndalama yotumizira muiwerengera bwanji?

[Pathebulo pali pilo, poto wachitsulo, makatoni awiri ndi tepi yoyezera.]

Taonani pilo uyu ndi poto uyu. Mukawanyamula m'manja, palibe angatsutse kuti wolemera ndi poto. Koma mukapita nawo ku DHL, amene angakudyereni ndalama zambiri ndi pilo.

Makampani onyamula katundu monga DHL amayang'ana zinthu ziwiri: kulemera kwa katoni pasikelo, ndi malo amene katoniyo itenge m'ndege kapena m'galimoto. Malowo amawawerengera chonchi: utali, m'lifupi ndi msinkhu wa katoni m'masentimita, kuchulukitsa zonse, kenako kugawa ndi 5,000. Yankho lake limakhala makilogalamu, ndipo amakulipiritsani pa nambala imene yakula pa ziwirizo.

[Akuyeza katoni ya pilo.]

Iyi ndi 50, 40 ndi 30. Zikupanga 60,000. Tikagawa ndi 5,000, tapeza makilo 12, pomwe pilo yekha sakwana n'komwe makilo awiri. Katoni ya poto ndi 25, 25 ndi 20, ndiye makilo 2.5 basi. Pasikelo poto akulemera makilo 3, choncho mulipira atatuwo.

Ndiye ngati sitolo yanu ya pa intaneti ili ndi zinthu mazanamazana zomwe simunaziyeze, musade nkhawa kwambiri ndi sikelo. Yambani ndi makatoni. Ambirife timatumiza katundu m'makatoni amitundu itatu kapena inayi yokha: kaenvelopu ka zinthu ngati ndolo ndi makesi a foni, katoni yapakati ya nsapato kapena zitenje zingapo, ndi chikatoni chachikulu. Gawani katundu wanu m'magulu amenewa. M'gulu lililonse tengani chinthu cholemera kwambiri, muchipakire bwinobwino ndi mapepala ake onse, muchiyeze, mukafunse mtengo. Mtengo umenewo ndiwo wa gulu lonse. Sikelo yopachika ija ya ogula soya kumsika ikukwanirani, simukufunika yodula.

Pa WooCommerce, pulogalamu yoyendetsera sitolo ya pa intaneti, magulu amenewa amatchedwa shipping classes, ndipo gulu lililonse mumaliikira mtengo wake pansi pa flat rate, kutanthauza mtengo wotumizira wokhazikika. Pa Shopify, pulogalamu ina yotere, mungathe kuika mtengo wotumizira potengera ndalama zomwe munthu wagulira, osati kulemera. Njira iyi ine sindiikonda kwenikweni. Wotchi ndi yodula koma ndi yopepuka, pomwe matiresi otchipa amadzaza theka la galimoto.

Chimene chinandipweteka ine n'chakuti ndinayatsa mitengo yotengera kulemera ndisanalembe kulemera kwa zinthu zina. Kompyuta inaziwerenga ngati zosalemera kanthu, n'kumapatsa makasitomala mtengo wotsikitsitsa. Mayi wina anagula mapoto anayi n'kulipira yotumizira ngati wagula mpango. Yotsalayo inachoka m'thumba mwanga, ndipo phindu lonse linathera pomwepo. Pamene simukudziwa kulemera kwa chinthu, lembani nambala yongoyerekeza yokwererako pang'ono, musasiye malowo opanda kanthu.

Ena amati ingonenani kuti kutumiza n'kwaulere, ndalamayo muibise mumtengo wa katundu. Zimatheka ngati katundu wanu ndi wofananafanana. Koma wa ku Area 25 ku Lilongwe amene angathe kudzatenga yekha azilipira chimodzimodzi ndi wa ku Karonga, ndipo akazindikira sabweranso.

[Akutsegula kope.]

Kope ili ndimalembamo phukusi lililonse: zomwe zinali m'kati, makilo amene analembedwa pa lisiti, ndalama imene kasitomala analipira, ndi imene ine ndinalipira. Lisiti lililonse limakuyezerani katundu mwaulere, ndiye nambalayo mukaikopere m'sitolo tsiku lomwelo. Kumapeto kwa mwezi ndimaona gulu limene likundiluzitsa n'kulikweza. Mwezi wathawu linali la nsapato, chifukwa ndinaiwala kuti mabuti amabwera ndi katoni yawoyawo.