Muone denga la shopu mvula isanagwe

Zikomo a tcheyamani, zikomo amayi ndi abambo a pamsika pano. Ndabwera ndi nkhani ya denga, chifukwa mwezi uno wa Okutobala ndi nthawi yake. Ikafika Disembala amisiri amakhala otanganidwa, ndipo kukwera pa malata onyowa n'kuika moyo pangozi.

Masana dzuwa lili paliwombo, tsekani chitseko ndi mawindo a shopu, muzimitse magetsi, muyang'ane kumwamba. Paliponse pomwe pakulowa kuwala, pamenepo pali bowo. Nthawi zambiri bowolo limakhala pa msomali. Malata akatenthedwa amafutukuka, usiku n'kubwerera, tsiku ndi tsiku, mpaka msomali umadzuka pang'ono ndipo kalabala ka pansi pa mutu wake kamang'ambika. Mukaona mzere wa dzimbiri ukutsika kuchokera pa msomali, dziwani kuti madzi anayamba kale kulowa.

Inu amene muli ndi siling'i, tamverani. Banga la bulauni lija mukuliona, musathamangire kumata phula pamwamba pake penipeni. Madzi amatsetsereka ndi phaso, n'kukadontha mita imodzi kapena ziwiri kutali ndi pomwe alowera. Tsegulani kachitseko ka siling'i, muunike ndi tochi. Kumbukirani kuti mawaya a magetsi amadutsa momwemo, ndiye muyambe mwazimitsa switchi yaikulu. Muli komweko, tengani msomali mubaye phaso. Ukalowa mosavuta, thabwalo lavunda kapena chiswe chalidya m'kati.

Kenaka muoloke msewu, muyang'ane shopu yanu muli patali. Mzere wa pamwamba pa denga uyenera kukhala woongoka. Ukapindika ngati msana wa ng'ombe yokalamba, vuto lili m'matabwa, ndipo malata atsopano sangathandize.

Za njerwa ndi matayala zomwe ena mwasanjika padenga, pepani, kumeneko si kukonza. Mphepo ya mvula yoyamba imalowa cha m'mbali n'kuyamba kusasula kuchokera pamenepo. Ndipo mukukumbukira mvula ya Freddy mu Malichi 2023, yomwe inagwa masiku angapo osakata. Mvula yotero imapeza kabowo kalikonse, matumba a shuga, ufa ndi simenti n'kuonongeka.

Amene mukuchita lendi, jambulani zomwe mwaona ndi foni, mutumizire alandilodi sabata ino, ndipo uthengawo muusunge. Tsopano ndilandire mafunso.