Agogo ankati K2 ndi paundi: nkhani ya kobiri loboola

[Pa sikirini: dzanja likutsegula chitini chakale, mkati muli makobiri]

Takulandirani abale. Lero ndabwera ndi chitini cha agogo anga, chija chinkakhala pansi pa bedi chomwe mwana aliyense ankadziwa kuti ukangochigwira basi walowa m'madzi. Muli mabatani, singano, khadi ya sikelo ya amalume, komanso ichi.

[Kamera iyandikire kobiri la bowo pakati]

Mwachiona? Ndalama yoboola. Ine ndili mwana ndinkayesa kuti agogo aamuna anaiboola okha ndi msomali, ndinafika pokangana ndi msuweni wanga mpaka kulirana. Ayi ndithu, inkabwera chonchi. Ili ndi kobiri la nthawi ya Chitaganya cha Rhodesia ndi Nyasaland, chomwe chinayamba 1953 nkutha 1963, ndipo mukayang'anitsitsa muona njovu ziwiri zitaimirira uku ndi uku kwa bowolo. Agogo ankalowetsa chingwe pa bowopo nkumangirira limodzi ndi kiyi wa sutikesi yawo.

Nde mukamamva munthu akuti ndilibe ngakhale kobiri, kapena makobiri andithera, mawuwo kwawo nkomweku. Kobiri ndi peni, kandalama ka kopa.

Tsono chomwe ndikufuna tikambirane ndi masamu a agogo, chifukwa anandichititsa manyazi tsiku lina. Ndinali mwina sitandade 3, m'ma 90 umu. Andiitana, amasula mfundo ya pa chitenje, mukuidziwa mfundo ija yomangidwa kawiri yoti umamasula ndi mano, andipatsa ndalama nkunena kuti, iwe thamanga ku golosale ukagule shuga wa paundi, chenji ubweretse. Ine liwiro. Ndafika, ndikuti ndikufuna shuga wa paundi. Mnyamata wa mu golosalemo anali wa tauni ngati ine, akundifunsa kuti paundi yake iti, ya sikelo kapena ya ku England? Anthu onse pa khonde kuseka. Mpaka agogo ena aamuna omwe ankasewera bawo panja anakweza mutu nkuti, mupatseni wa K2 mwanayo. Sanayang'anenso kawiri, anabwerera ku bawo yawo.

Kuyambira tsiku limenelo ndinkangoti agogo sadziwa kuwerenga ndalama. Kumeneko ndiye kulakwa kwanga, iwo ankawerenga bwino kuposa ine.

[Pa sikirini: 1 paundi = 20 shileni = 240 peni]

Kwacha isanabwere tinkagwiritsa ntchito ndalama za dongosolo la Angerezi. Mapeni 12 ndiye shileni imodzi, mashileni 20 ndiye paundi. Ndiye kuti paundi imodzi munali mapeni 240. Pakati apo panali tiki, yomwe inali mapeni 3, sikisi mapeni 6, kenako ya mashileni awiri, ndi hafukoloni yomwe inali mashileni awiri ndi sikisi. Tangoganizani mayi woti sanapiteko ku sukulu akugulitsa tomato pa msika, akuwerengera chenji ndi ma 12 ndi ma 20 m'mutu, opanda kakyuleta, mwana ali kumbuyo akulira. Ife lero chenji cha K5,000 mu minibasi timayamba taona kaye pa foni.

Dziko litalandira ufulu mu 1964 tinakhala ndi ndalama zathuzathu, koma zinali mapaundi ndi mashileni omwewo, kungoti tsopano panali nkhope ya Kamuzu. Kwacha ndi tambala zinadzabwera mu 1971. Ndipo apa mpamene pagona nkhani yonse: anasintha kuti paundi imodzi ikhale K2. Shileni inakhala 10 tambala, sikisi 5 tambala, ya mashileni awiri ija 20 tambala.

Chinanso chomwe ambiri sitidziwa, zithunzi zina sanazisinthe nkomwe. Shileni ya 1964 inali ndi zisononkho za chimanga, 10 tambala nayo chimanga chomwecho. Ya mashileni awiri inali ndi njovu ndi mwana wake, 20 tambala njovu zomwezo. Nde mukufuna agogo atani? Ndalama m'manja ikuoneka chimodzimodzi, ikugula zomwezo, inu nkumati aitchule dzina latsopano chifukwa choti pa wayilesi alengeza? Anapitiriza kunena shileni, paundi, mpaka kumwalira kwawo. Amalume ena kumudzi mpaka ndikukula ankati K10 ndi mapaundi 5.

Kobiri ndi lomwe linasowa pokhala, chifukwa mu shileni munali mapeni 12 pomwe matambala ndi 10, sizinkagawika bwino. Koma taonani, ndalamayo inatha, dzina lake nkukhala la ndalama zonse.

Pang'ono pokha za mayina. Kwacha ndi mfuu ija ya pa misonkhano ya ndale nthawi yomenyera ufulu, kuti kunja kwacha. Tambala ndi tambala yemweyo wolira m'bandakucha, yemwenso ndi chizindikiro cha chipani cha MCP, ndipo pa 1 tambala panalidi tambala. Anzathu aku Zambia anatitsogolera, kwacha yawo inayamba 1968, iwo timakobiri tawo amati ngwee. Ndipo amene munakulira mu tchalitchi mukukumbukira mawu oti rupiya akamawerenga Baibulo lakale lija, amenewonso ndi a ndalama ya Amwenye, inafika kuno kalekale nthawi ya atsamunda oyambirira.

[Pa sikirini: ndalama za pepala, zakale ndi zatsopano]

Chomwe chimandiwawa ine ndi ichi. Mu 1971 pepala lalikulu kwambiri linali K10, ndipo 50 tambala inali ya pepala, anthu ankaipinda bwinobwino nkuika mu Baibulo. Kenako zinangoyamba kukwera, K500, K1,000 mu 2012, K2,000 mu 2016, K5,000 mu 2022. Nkhope nazo zakhala zikusintha, Kamuzu, Muluzi pang'ono, John Chilembwe, ndipo pano pa K200 pali Rose Chibambo, pa K100 James Sangala. Koma tambala ndani akumuonanso? Mwana wa mchemwali wanga ndinamuonetsa 20 tambala ya m'chitini muno, anaitembenuza uku ndi uku nkufunsa kuti amalume, iyi ndi ya dziko liti? Paundi ya agogo ija, K2 yomwe inandigulira shuga, lero ukaipeza pansi sungawerame nkomwe.

Nde naye ndinamuuza kuti akagule shuga wa paundi. Anandiyang'ana ngati mmene ndinayang'anira agogo tsiku lija.

[Dzanja likubweza makobiri m'chitini, litsale loboola]

Ili lokha sindibweza. Kiyi wake ndi uyu, akadali pa chingwe chomwe anamanga agogo. Sutikesiyo ili kwa mayi aang'ono ku Dedza, ndipo akuti sinatsegulidwe chichokereni agogo, chifukwa kiyi ndinabwera naye ku tauni kuno osadziwa.