Makalata a Omvera: Mzinda wa New Orleans ndi Mtsinje wa Mississippi

Omvera athu, makalata a sabata ino akukhudza New Orleans, mzinda wa doko womwe uli m'chigawo cha Louisiana, kummwera kwa dziko la America.

Kalata yoyamba yachokera kwa mphunzitsi wina wa ku Nsanje, ndipo akufunsa kuti: "Ndinamva kuti mbali yaikulu ya mzindawu ndi yotsika kuposa madzi a m'nyanja. Kodi anthu anaganiza bwanji kuti amange mzinda m'dambo lotere?"

Aphunzitsi, zimene munamvazo ndi zoona. Mfalansa wotchedwa Jean-Baptiste Le Moyne de Bienville atakhazikitsa mzindawu mu 1718, sanasankhe malowo chifukwa cha kuuma kwake, koma chifukwa pamenepo mtsinje wa Mississippi umakhota n'kuyandikira nyanja ya Pontchartrain, moti amene wagwira malowo ndiye amalamulira katundu yense wotsika kuchokera kumtunda. Nyumba zoyamba anazimanga pa kachitunda ka matope omwe mtsinjewo unaunjika m'mbali mwake, pomwe lero pali dera la French Quarter. Vuto linakula zaka za m'ma 1900, pomwe mapampu amphamvu opangidwa ndi injiniya A. Baldwin Wood anaumitsa madambo kuti anthu amangemo. Dothi la m'dambo likauma limatitimira, ndipo mzinda unasanduka ngati mbale yolowa, kotero kuti ngakhale madzi a mvula amachita kuwapopa kuti atuluke.

Namondwe wa Katrina atafika pa 29 August 2005, makoma otchinga madzi anagumuka m'malo angapo ndipo pafupifupi magawo 80 pa 100 aliwonse a mzindawo anamira, pomwe French Quarter, pa chitunda chakale chija, sinakhudzidwe kwambiri. Ine ndimaona kuti kuloza chala namondwe yekha n'kulakwitsa, pakuti ofufuza anapeza kuti ena mwa makomawo, omangidwa ndi nthambi ya asilikali yoona za zomangamanga, anali osalimba mokwanira. Anthu a mumzindawu anali oposa 484,000 mu 2000, koma mu 2010 anangotsala pafupifupi 344,000.

Mayi wina amene amachita malonda a soya ku Mchinji alemba kuti: "Kodi pa doko limeneli pamadutsa katundu wanji?"

Mayi, pamenepa mwafunsa za mbewu yanu yomwe. Chimanga, soya ndi tirigu wochokera m'minda ya ku Iowa, Illinois ndi madera oyandikana nawo amapakiridwa m'mabwato akuluakulu athyathyathya opanda injini, lililonse lonyamula matani pafupifupi 1,500. Mabwatowa amawamanga pamodzi ndi zingwe zachitsulo, ndipo sitima imodzi yaing'ono koma yamphamvu imawakankha kuchokera kumbuyo mpaka kumunsi kwa mtsinje, komwe mbewuzo zimakhuthulidwa m'nkhokwe zazitali kenako n'kuthiridwa m'sitima zapanyanja. Mbewu zoposa theka la zimene America imagulitsa kunja zimatulukira m'madoko a m'chigawo chimenechi, kuyambira ku Baton Rouge mpaka kunyanja ya Gulf of Mexico. Mu 2022 madzi atachepa chifukwa cha chilala, mabwato ambiri anatitimira mumchenga ndipo mtengo wonyamulira mbewu unakwera kwambiri. Katundu wolowa ndi monga khofi, zitsulo ndi labala, ndipo ndalama zina zimachokera ku mafakitale oyenga mafuta komanso kwa alendo obwera ku chikondwerero cha Mardi Gras.

Kalata yomaliza ndi ya mnyamata wa Folomu 3 wa ku Rumphi, amene akudabwa kuti mzinda wa ku America unapeza bwanji dzina lachifalansa.

Achimwene, dzinali linaperekedwa polemekeza Philippe, Duke wa ku Orléans, amene panthawiyo ankalamulira France m'malo mwa mfumu yomwe inali idakali mwana. Mzindawu unakhalapo m'manja mwa Spain kuchokera zaka za m'ma 1760, kenako unabwerera kwa Afalansa. Pulezidenti wa America, Thomas Jefferson, ankangofuna kugula dokolo, koma mu 1803 Napoleon, mtsogoleri wa France, anamugulitsa dera lonse lomwe panthawiyo linkatchedwa Louisiana pa mtengo wa madola 15 miliyoni. Pofika 1840, New Orleans unali mzinda wachitatu kukula m'dziko lonse la America, ndipo muyenera kudziwa kuti chuma chimenecho chinachokera ku thonje, shuga ndi malonda a anthu, popeza msika waukulu kwambiri wa akapolo m'dzikolo unali komweko. Lamulungu akapolowo ankasonkhana pa bwalo la Congo Square kuimba ng'oma ndi kuvina, ndipo mwambo umenewo ndi umodzi mwa mizu ya nyimbo za jazi, zomwe Louis Armstrong, wobadwira mumzindawu mu 1901, anazitchukitsa padziko lonse.

Makalata amene atsala tidzawawerenga sabata yamawa.