Eyakoni Yasiya Kuziziritsa? Musathamangire Kukathira Gasi

[Mkati mwa galimoto, dzanja lili pomwe pamatulukira mphepo]

Moni abale anga a ku Joni kuno, ndi inu mukuonera muli kumudzi. Novembala wafika, muli pa M1 magalimoto athithikana, mwayatsa eyakoni koma ikukupemererani mphepo yotentha ngati ya m'ng'anjo. Achimwene a Uber ndi Bolt mukudziwa, kasitomala akatsika ali thukuta kamukamu, nyenyezi zanu zimatsika naye.

Aliyense akuuzani kuti, "Kathireni gasi." Dikirani kaye. Gasi wa eyakoni si petulo, satha pogwiritsa ntchito. Amangozungulira m'mapaipi otsekeka, ndiye akachepa dziwani kuti pena pake pakudontha. Kuthira wina osatseka pamenepo n'kutungira madzi m'dengu.

Tiyambe ndi zosafuna ndalama. Ngati mphepo ikuzizira koma ikubwera mofooka, onani fyuluta ya m'kati, yomwe m'magalimoto ambiri imakhala kuseri kwa kabokosi kakutsogolo kwa mpando wa pasenja. Inu okhala chakumwera, ku Turffontein kapena Rosettenville, fumbi la mu Ogasiti lochokera m'milu ya migodi ija limathera m'menemo.

[Boneti yatsegulidwa, injini ikulira]

Apa mufunika mnzanu. Iye ayatse eyakoni, inu muyang'ane kompuresa, iyi ikuzunguzidwa ndi lamba iyi, ndiyo imapopa gasi uja m'mapaipi. Mumve kuti "kha!", ndiye kuti kilatchi yake yagwira, kenako pakati pakepa payambe kuzungulira. Manja ndi malaya kutali ndi lamba, chonde. Pakakhala zii, musafulumire kunena kuti kompuresa yafa. Onani fyuzi ndi relay (kaswichi ka magetsi koyatsira kompuresa) kaye, n'zotchipa. Komanso gasi akachepa kwambiri, pali swichi yomwe imaletsa dala kompuresa kuyaka kuti isawonongeke. Magalimoto ena, monga a VW ambiri, kompuresa yake ilibe kilatchi yoteroyo, ndiye "kha" uja simumumva ngakhale zonse zili bwino.

Nanga ija yoti mukamathamanga pa N1 imazizira, mukaima pa maloboti yasiya? Kawirikawiri ndi fani. Kutsogolo kwa rediyeta kuli kondensa, yomwe imataya kutentha kunja. Galimoto ikamayenda mphepo imaiwomba yokha, ikaima imadalira fani. Fani ikapanda kuzungulira eyakoni ili yoyatsa, vuto ndi limenelo.

Kondensayo muisuzumire bwinobwino, chifukwa ndi imene imalandira timiyala tonse ta mumsewu, masamba ndi mapepala. Itsukeni ndi madzi opanda mphamvu kwambiri, timapepe take sitichedwa kupindika. Kenako tsatirani mapaipi ndi tochi. Gasi amayenda limodzi ndi mafuta a kompuresa, choncho pomwe akuthawira pamaoneka kunyowa kwa mafuta komwe kwagwira fumbi, makamaka molumikizira momwe muli timphira tozungulira. Koma madzi oyera odontha pansi pa galimoto mukaimika asakuopseni, ndi chizindikiro choti eyakoni ikugwira ntchito.

Apa ndi pomwe manja anu athere. Musamasule paipi iliyonse. Gasiyu ali ndi mphamvu, akakuthirani pakhungu amawotcha ndi kuzizira, m'maso ndiye osanena.

[Kamera pa kachikwangwani ka pansi pa boneti]

Musanapite kwa makanika werengani apa. Palembedwa mtundu wa gasi ndi magalamu ake. Magalimoto ambiri omwe tikuyendetsa amagwiritsa ntchito R134a, ena atsopano R1234yf yemwe ndi wodula. Awiriwa sasakanizidwa. Ndipo kuthira wopitirira muyezo sikuwonjezera kuzizira, kumangolemetsa kompuresa.

Makanika wodziwa ntchito amayamba n'kulumikiza mageji oyezera mphamvu ya gasi, amafufuza podontha ndi nitrogen kapena utoto wowala ndi nyali ya UV, amakonza, amakoka mpweya ndi chinyontho ndi pampu ya vacuum, kenako n'kuthira gasi pa sikelo. Ine ndikaona munthu wangotulutsa botolo n'kuyamba kupopera pongoyerekeza, ndimatseka boneti n'kumapita.

Ikakonzedwa, musamaiwale m'nyengo yozizira. Juni ndi Julayi wa kuno palibe amafuna eyakoni, koma muziiyatsa mphindi 10 pa sabata kuti mafuta afike m'timphira tija tisaume. Imachotsanso nthunzi pa galasi m'mamawa.