Waya Wopsa ndi Nambala 621.3: Zimene Zili mu Laibulale ya Pakoleji ya Ntchito Zamanja

[Chithunzi: dzanja lagwira kachidutswa ka waya wakuda, kamera ili pafupi kwambiri]

Taonani waya uyu. Pulasitiki wake anasungunuka, wakuda bii, ndipo mukamununkhiza fungo la kupsa likadalipo. Ndimamusunga dala mubokosi langa la zipangizo.

Ndili chaka choyamba kuphunzira zamagetsi kuno ku Salima, mnzanga wina wa babashopu ku Kamuzu Road anagula sola, batire ndi inveta, kachipangizo kosintha magetsi a batire kuti akhale ngati a m'masoketi a m'nyumba. Akuti, "Amwene, si mukuphunzira zamagetsi inu? Tandilumikizirani." Ine matama tho. Ndinatenga waya wowonda wa saizi 1.5, uja timakokera mababu m'nyumba, n'kulumikiza batire ku inveta. Tinayatsa makina ometera, wailesi yakanema, kafiriji, mafoni a makasitomala ali pa chaji. Sipanathe mphindi khumi, utsi tolotolo kuseri kwa benchi. Kasitomala anathawa mutu atametedwa mbali imodzi.

Lolemba ndinakafotokozera aphunzitsi. Anaseka, koma sanandiyankhe. Anangoti, "Pita kulaibulale, ukawauze amayi aja kuti ukufuna 621.3."

[Chithunzi: khomo la laibulale, zikwama zili pashelefu panja]

Takulandirani nonse amene mukuonera. Lero tikulowa m'chipinda chimene ambiri a ife ophunzira ntchito zamanja timachilambalala ngati kumanda. Timati laibulale ndi ya a ku yunivesite, ife zathu ndi sipanala, tirawo ndi makina osokera. Inenso ndinkatero.

Tikumbutsane pang'ono. Makoleji a ntchito zamanja a m'madera anayamba m'chaka cha 2015, nthawi ya Pulezidenti Peter Mutharika, ndipo yoyamba kutsegulidwa inali ya Ngara ku Karonga. Kuno kunyanja tili ndi ya Mbandira ku Nkhotakota, komanso koleji yakalekale ya Salima Technical ku Senga Bay. Maphunzirowa amayang'aniridwa ndi bungwe la TEVETA, lomwe linakhazikitsidwa mu 1999. Malaibulale a m'makoleji otere sakhala ofanana. Pena mupeza nyumba yakeyake, pena kachipinda kamodzi ka mashelefu anayi. Koma kayendetsedwe kake n'kamodzi, ndipo mukakadziwa, mulowa paliponse osachita chilendo.

Chikwama chimatsala pakhomo. Musakwiye nazo, si kuti akuyesani wakuba inuyo panokha. Lowani ndi kope, cholembera ndi chiphaso chanu cha pasukulu.

[Chithunzi: kamera ikuyenda pang'onopang'ono pamsana pa mabuku]

Yang'anani pamsana pa buku lililonse, m'munsimu. Pali kapepala komata, pali nambala. Ine ndinkayesa kuti ndi mtengo. Ayi. Imeneyi ndi adiresi ya buku.

Njira imeneyi anaiyambitsa Melvil Dewey ku America mu 1876, ndipo malaibulale ambiri kuno kwathu amaigwiritsabe ntchito. Anagawa nzeru zonse m'magulu khumi, kuyambira 000 mpaka 900. Za makompyuta zili ku 000. Zilankhulo ku 400. Masamu ndi sayansi ku 500. Mbiri ndi za malo ku 900. Koma mudzi wathu ife amisiri ndi 600. Lembani penapake.

[Manambala akuoneka pasikirini limodzi ndi limodzi]

Wamagetsi, 621.3. Wokonza magalimoto ndi njinga zamoto, 629.2. Za ulimi, 630, ndipo inu a ku Chipoka ndi ku Chia amene mtima uli pa nsomba, usodzi ndi ulimi wa nsomba zili ku 639. Zophikaphika 641, zosoka 646. Kuwotcherera zitsulo, fufuzani pa 671. Zomangamanga zikuyambira 690: womanga njerwa 693, kalipentala 694, pulambala 696.

Pali nambala ziwiri zimene amisiri timazinyoza, 657 ndi 658. Yoyambayo ndi ya kusunga mabuku a ndalama, yachiwiriyo ndi ya kayendetsedwe ka bizinesi. Ndikuuzeni zoona, amisiri ambiri amene ndawaona akugwa sanagwe chifukwa chosadziwa ntchito. Manja ali bwinobwino. Anagwa chifukwa ndalama ya zipangizo, ya thukuta lawo ndi ya ndiwo zonse zinkalowa m'thumba limodzi. Shelefu imeneyi fumbi lili mbuu, koma ndiyo ikanawapulumutsa.

Chinanso, mukamaliza kuwerenga buku, musalibwezere pashelefu pongoganizira. Lisiyeni patebulo. Buku la 621 likalowa pakati pa 641, ndiye kuti latayika, ngakhale lili m'chipinda momwemo.

[Chithunzi: buku lotsegulidwa patebulo, waya wopsa uja ali pambali pake]

Tibwerere kwa waya wanga. Amayi aja sananditengere buku. Anandiperekeza pashelefu, n'kunena kuti, "Mwana wanga, usayambire tsamba loyamba ngati ukuwerenga nthano. Pita kumapeto." Kumapeto kwa mabuku ambiri a ntchito kumakhala mndandanda wa mawu motsatira afabeti, mawu aliwonse ndi tsamba lake. Ndinapeza za kukula kwa waya, ndinatsegula tsambalo, ndipo yankho linali m'mizere itatu.

[Masamu akulembedwa pabolodi]

Mawatsi kugawa ndi mavolti, mupeza maampu, omwe ndi kuchuluka kwa magetsi odutsa mu waya. Katundu wa mnzanga uja anali pafupifupi mawatsi 600. Ku mbali ya masoketi, komwe kuli mavolti 230, amenewo ndi maampu osakwana atatu. Waya wa 1.5 savutika nawo. Koma pakati pa batire ndi inveta pali mavolti 12 okha. 600 kugawa ndi 12, maampu 50. Makumi asanu! Ine ndinawadutsitsa pa kawaya ka mababu. Zili ngati kukakamiza mtsinje wa Linthipe wa mu Febuluwale kuti udutse mu paipi ya pampopi.

Patsamba lotsatira panali tebulo losonyeza waya woyenera pa maampu aliwonse, ndi chenjezo loti payenera kukhala fiyuzi pafupi ndi batire. Fiyuzi ine sindinaikepo. Buku limenelo linali pamenepo chaka chonse, mtunda wosakwana mphindi ziwiri kuchokera ku wekishopu. Akulu anati safunsa anadya phula.

Ndipo nkhani ya sola si yamasewera kuno. Ku Nanjoka kuli munda wa sola wa mamegawati 60 womwe unayamba kupereka magetsi mu 2021, ndipo m'midzimu mupeza magolosale okhala ndi kapanelo padenga. Ntchito ilipo. Ofunika ndi amisiri osaotcha nyumba za anthu.

[Chithunzi: mabuku awiri, lina lakale lina latsopano]

Tsopano apa tcherani khutu, chifukwa si buku lililonse la pashelefu limene muyenera kulikhulupirira ndi mtima wonse. Mabuku ambiri m'malaibulale athu ndi othandizidwa kuchokera kunja, kudzera m'mabungwe monga Book Aid International a ku Britain. Tithokoze. Koma buku limalankhula za kwawo kumene linalembedwa.

Buku la zamagetsi la ku America likuuzani za mavolti 120, miyeso yake ndi mainchi, ndipo mawaya amawatchula ndi manambala ena osiyana ndi mamilimita athu. Kuno magetsi a ESCOM ndi mavolti 230, mapulagi athu ndi a mano atatu ngati a ku Britain. Ngakhale la ku Britain lomwelo, onani chaka. Akale amati waya wamoto ndi wofiira, wobwerera ndi wakuda. Atsopano amati wamoto ndi wabulauni, wobwerera ndi wabuluu. M'nyumba za kuno mukumana ndi mitundu yonse iwiri, nthawi zina m'nyumba imodzi. Choncho musanayambe kukopera, tembenuzani tsamba la mutu wa buku. Kuseri kwake kuli chaka ndi dziko limene linasindikizidwa. Kalipentala ndi womanga, inunso chimodzimodzi: buku lonena za denga lopirira chipale chofewa silikuthandizani pa chiswe cha ku Khombedza.

[Chithunzi: kauntala, kuseri kwake kuli kabati ya mabuku]

Za kubwereka ndidutsa mwachangu. Mukalembetsa, mumatenga buku kupita nalo kuhositelo kapena kunyumba kwa masiku amene adinda mkati. Mukachedwa kubweza pamakhala kachindapusa. Mukalitaya mulipira, ndipo m'makoleji ambiri fomu yotulukira pomaliza maphunziro siisainidwa laibulale isanavomereze. Mtanthauziramawu ndi mabuku ena akuluakulu satuluka, mumawerengera momwemo.

Chuma chenicheni chili kuseri kwa kauntala. Kumeneko amasungako mabuku amene alipo limodzi kapena awiri okha pomwe kalasi yonse ikuwafuna. Amabwereketsa kwa maola ochepa, pena usiku umodzi. Kumenekonso n'komwe kumakhala silabasi ndi mapepala a mayeso a zaka zam'mbuyo. Langizo langa ndi ili: silabasi muione sabata yoyamba, osati kutatsala masiku atatu kuti mulembe. Nthawi ya mayeso mzere wake umakhala ngati wa pachigayo.

Za fotokope, masamba ochepa oti mukawerenge palibe vuto. Kujambula buku lonse n'kumagulitsa anzanu ndi mlandu pa lamulo la 2016 loteteza ntchito za alembi ndi aluso, lomwe bungwe la COSOMA limayang'anira. A laibulale akakana, sikuti ndi nkhanza.

[Chithunzi: nyuzipepala patebulo, wophunzira akulemba m'kope]

Nyuzipepala. Anyamata ambiri amayambira kumbuyo, kuona ngati Bullets yawina, basi n'kutuluka. Tsegulani pakati. Mu The Nation ndi The Daily Times mumatuluka malonda a ntchito ndi matenda a boma... pepani, ndikunena matenda a makontirakiti, osati a kuchipatala. Ngakhale simunamalize sukulu, werengani zimene olemba ntchito akufuna: satifiketi iti, luso liti, zaka zingati. Wamagetsi mudzaona kawirikawiri akufunsa chiphaso cha MERA, bungwe loyang'anira za magetsi ndi mafuta m'dziko muno. Kuli bwino kudziwa lero kusiyana ndi kudzamva tsiku la intavyu.

[Chithunzi: makompyuta atatu pakona, imodzi yavundikiridwa nsalu]

Kumene kuli makompyuta, pamakhala kope lolembetsa nthawi. Apa ndidandauleko pang'ono. Pamene ndinkaphunzira ine, makompyuta ogwira ntchito anali ochepa, netiweki yokoka miyendo, ndiye upeze munthu wakhala ola lathunthu pa Facebook iwe ukufuna kulemba lipoti la atachimenti. Abale, tizimverana chisoni.

Mukapeza mpata, chitani zinthu zimene pafoni zimavuta. Lembani CV. Phunzirani kulemba kotesheni: dzina la kasitomala, zipangizo chilichonse ndi mtengo wake, ndalama ya ntchito payokha, tsiku limene mitengoyo ithere mphamvu, poti mitengo ya simenti ndi waya masiku ano sigona pamodzi. Kotesheni yotayipa bwino ndi ya pakapepala kong'amba m'kope zikafika pa desiki ya ahedi a sukulu, mukudziwa nokha imene aiwerenge.

Pa intaneti palinso mabuku aulere ovomerezeka. OpenStax, ya ku Rice University ku America, ili ndi mabuku a masamu, fizikisi ndi bizinesi oti mutha kutsitsa osalipira. Bwerani ndi fulashi, muike pafoni, mukawerenge kunyumba popanda bandulo. Pali Kiwix, pulogalamu yosunga Wikipedia pakompyuta kuti muziwerenga netiweki kulibe. Ndipo malaibulale a m'dziko muno ali ndi mgwirizano wotchedwa MALICO, womwe unayamba mu 2003, wosonkherana ndalama zolipirira magazini a kafukufuku a pa intaneti. Funsani ngati koleji yanu ili m'gululi. Fulashi yanuyo muziisamala, makompyuta a anthu ambiri sachedwa kugawa mavairasi.

[Chithunzi: woyang'anira laibulale akudinda buku, nkhope siikuoneka]

Koma pa zonse ndatchulazi, chimene sindinachidziwe msanga ndi munthu wakhala pakauntalayu. Tinkawayesa alonda a mabuku, ntchito yawo kunena kuti "chete". Anthu amenewa ntchitoyi amachita kuiphunzira, ku Mzuzu University kuli maphunziro ake mpaka digiri. Luso lawo ndi kupeza yankho, ngakhale pa nkhani imene iwowo sanaigwirepo.

Kungoti muziwafunsa bwino. Mukati, "Mayi, ndikufuna buku la magetsi," akulozerani shelefu yonse. Nenani vuto lenileni. "Mayi, ndikufuna kudziwa kukula kwa waya wochoka pa batire kupita ku inveta." Mtsikana wina wa zosoka ndinamumva akuti, "Mayi, kolala ya shati ikumandikhotera." Anamupezera tsamba la zithunzi zokhazokha, sitepe ndi sitepe. Chingerezi cha m'buku chikakulemerani, nenaninso, palibe chamanyazi. Akupezerani lina losavuta, kapena mukhala nawo pansi ndi mtanthauziramawu. Buku likakhala kuti palibe, ena amalilemba pamndandanda wa ogula chaka chamawa, kapena kukuuzani kuti mukayese ku National Library Service, yomwe yakhala ikutumikira dziko lino kuyambira 1968.

Ndipo tisaiwale chinthu chapafupi: mpando, tebulo ndi bata. Kwa wophunzira wochokera kunyumba ya chipinda chimodzi, ana akusewera, wailesi ya aneba ili pamwamba, kutentha kwa Okutobala kuno ku Salima thukuta lili kamukamu, malo ongokhala phee ola limodzi si chinthu chaching'ono.

[Chithunzi: babashopu ku Kamuzu Road, kamera ikuloza kuseri kwa benchi]

Iyi ndi babashopu ija. Taonani pakati pa batire ndi inveta: waya wonenepa ngati chala, wamfupi, fiyuzi ili apa. Ndinagula ndi ndalama zanga, poti wopalamula ndinali ine. Kasitomala wa mutu wa mbali imodzi uja anabweranso mawa lake kudzamalizitsa, koma mpaka lero akandiona amayamba wasuzumira kuseri kwa benchi asanakhale pampando.