Makalata a omvera: Ahaswero, zikoti 300 ndi mapale a ku Athens

Takulandiraninso omvera, thumba lathu lero ladzaza ndi mafunso a nkhani ya Agiriki ndi Aperisiya tinayamba sabata yatha ija, ndiye tisachedwe.

Yoyamba yachokera kwa mayi ena a ku Ntcheu. Akuti, "Achimwene, ku Mvano tinkawerenga za Estere, ndiye mwana wanga akuti mfumu Ahaswero ndi yemweyo Xerxes munkamutchula uja, wofuna kulanda dziko la Agiriki. Ndi zoona kapena akungondinamiza?"

Mayi, mwanayo musamukalipire. Akatswiri ambiri a mbiri amati Ahaswero ndi Xerxes, mwana wa Dariyo, analowa ufumu mu 486 BC ndipo nyumba yake ina yachifumu inali ku Susa konkuja kwa Estere. Mu 480 BC ananyamuka ndi asilikali ake nkumangirira zombo kupanga mlatho pa Hellespont, kanyanja kopapatiza kolekanitsa Asia ndi Ulaya, ndiye chimphepo chitaphwasula mlathowo Herodotus, wolemba mbiri wa nthawi yakaleyo, akuti mfumuyo inalamula kuti madziwo akwapulidwe zikoti 300 nkuponyamo maunyolo. Madzi kukwapulidwa, aaa! Koma apa ndikuchenjezeni mayi, Herodotus anali Mgiriki, zambiri za Aperisiya tikuzimvera kwa adani awo. Funsani Ayuda, iwo Koresi, mfumu inanso ya Aperisiya, amamukumbukira bwino, ndi amene anagonjetsa Babulo mu 539 BC nkuwalola kubwerera ku Yerusalemu kukamanga kachisi. Ngakhale za nkhondo ya ku Thermopylae zija, kumene Agiriki anayesa kutsekereza Xerxes, anthu amangotchula asilikali 300 a mzinda wa Sparta, nkuiwala amuna 700 a mzinda wa Thespiae amene anafera pomwepo limodzi ndi Leonidas, mfumu ya Sparta, ulemu wonse unapita kwa a Sparta.

Ina yabwera pa WhatsApp, mnyamata wa ku Mzuzu: "Bwana mumati ku Athens kunali demokalase, ndiye ankavota bwanji, analinso ndi mabokosi ngati athuwa?"

Iwe mnzanga, demokalase yake inali ya amuna okha amene anali mbadwa, akazi, akapolo ndi alendo analibe mawu, ndipo maudindo ambiri ankangochita mayere. Koma chondisangalatsa ine ndi chija ankati ostracism. Kamodzi pachaka ankafunsana ngati pali munthu woti achoke mumzinda, akavomereza aliyense ankabwera ndi phale, inde phale lomweli timakazingira chimanga, kachidutswa ka mphika wosweka, nkukandapo dzina la amene wamutopetsa. Mapale akakwana 6,000, amene dzina lake lachuluka ankapatsidwa masiku 10 kuti alongedze, nkukakhala kunja zaka 10. Panalibe mlandu, panalibe khoti, katundu wake samamulanda, akabwerako amapitiriza moyo basi.

Ndipo musaganize kuti za ndale zinali zoyera kumeneko. Ofukula zakale anapeza mapale pafupifupi 190 atatayidwa m'chitsime ku Athens, onse dzina lake Themistocles, koma atayang'anitsitsa kalembedwe anaona kuti analemba ndi anthu 14 okha. Zikuoneka kuti wina anawakonzeratu kuti azigawira anthu popita kukavota. Themistocles ameneyutu ndi amene ananyengerera anthu a ku Athens kuti siliva wa ku migodi ya Laurion amangire zombo zankhondo m'malo mogawana, ndipo zombozo ndi zimene zinaphwanya za Xerxes ku Salamis chaka chomwechija cha 480 BC. Zaka pafupifupi 10 zitadutsa anzake omwewo anamupirikitsa ndi mapale, milandu inanso nkumutsatira, ndiye mukudziwa anathawira kuti? Kwa Artaxerxes, mwana wa Xerxes yemwe uja, amene anamulandira nkumupatsa mzinda wa Magnesia kuti aziulamulira, mpaka anafera komweko.

Tipume kaye ndi nyimbo. A ku Balaka mwafunsa za mpikisano wothamanga wa marathon, musasinthe wayilesi, kalata yanu tiwerenga tikabwerako.