Galu wadulidwa mwendo chifukwa cha khansa: kasamalidwe kake akabwera kunyumba

[Pa sikirini: galu wa miyendo itatu akuyenda pa kapinga]

Moni nonse. Vidiyoyi ndi ya inu amene galu wanu wadulidwa mwendo, komanso inu amene mumagwira ntchito m'nyumba kapena m'gadeni kuno ku Johannesburg ndipo abwana amakusiyirani galu wotere masana onse.

Nthawi zambiri khansa imene imadulitsa mwendo ndi ya m'mafupa yotchedwa osteosarcoma. Imakonda agalu akuluakulu ngati Rottweiler, Great Dane ndi Boerboel, makamaka mwendo wakutsogolo. Imadya fupa kuchokera mkati mpaka limatha kuthyoka lokha, ndipo ululu wake mapilitsi sauthetsa. Kudulako ndi kumuchotsera ululuwo. Agalu ambiri amaimirira okha tsiku loyamba kapena lachiwiri.

Koma dziwani ichi: miyendo yakutsogolo imanyamula pafupifupi magawo 60 pa 100 a kulemera kwa galu. Wodulidwa wakutsogolo amayenda modumphira ndipo amatopa msanga. Wodulidwa wakumbuyo amavutika pokwera masitepe, chifukwa mphamvu yokankhira yachepa.

[Pa sikirini: chipinda cha matailosi]

Nyumba ikonzedwe galu asanafike. Matailosi ndi amene amagwetsa agalu ambiri m'masiku oyamba. Yalani makapeti osaterera kuyambira pogona mpaka pakhomo komanso pomwe amadyera. Pogona pakhale pansi, pofewa ndi pofunda, makamaka mu June ndi July pamene matailosi amazizira kwambiri. Tsekani njira ya ku masitepe ndi ku dziwe losambiramo. Nyengo ya mvula, mabingu a masana amachititsa agalu kuthamanga mwamantha, choncho mitambo ikada mulowetseni m'chipinda chaching'ono.

Pomutulutsa kukakodza, dutsitsani thaulo pansi pa mimba n'kugwira nsonga zake pamwamba pa msana. Osamunyamula m'mwamba ayi, mungomuchirikiza, ndipo thaulo isakhule bala. Mphindi 5 zakwana, ali pa chingwe, katatu kapena kanayi patsiku.

[Pa sikirini: bala losokedwa]

Bala liziyang'anidwa m'mawa ndi madzulo. Kulijambula ndi foni tsiku lililonse kumathandiza kwambiri, poti kusintha kwapang'onopang'ono diso silikuona. Khungu kuda kapena kufiirira mozungulira balalo si chachilendo. Nthawi zina pansi pa bala pamasonkhana madzi, n'kupanga chotupa chofewa chosapweteka. Musachiboole kapena kuchifinya. Kawirikawiri chimaphwa chokha galu akamapuma, koma a dokotala a ziweto achione. Chimakula galu akamayendayenda kwambiri.

Ulusi umachotsedwa pakatha masiku 10 mpaka 14. Nthawi yonseyi asasambe, ndipo kolala ya pulasitiki yomuletsa kunyambita bala ikhale m'khosi usiku womwe. Ambiri amaivula pomumvera chisoni, koma galu amatha kumasula ulusi ndi mano pa mphindi zochepa. Mawu akuti malovu a galu amapoletsa chilonda musawamvere apa, chifukwa m'kamwa mwake muli tizilombo toyambitsa mafinya. Musathire mchere, sipiriti kapena mankhwala azitsamba.

Imbirani chipatala nthawi yomweyo mukaona mafinya, fungo loipa, bala lotseguka, magazi osaleka, usinini woyera, kupuma movutikira, kapena akatha maola 24 osakodza. Kusachita chimbudzi masiku awiri kapena atatu pambuyo pa opaleshoni kumachitika.

[Pa sikirini: mabotolo a mankhwala]

Apa chonde mvetserani bwino. Musamupatse mankhwala a anthu. Ibuprofen amaononga impso ndi m'mimba mwa galu. Grand-Pa muli aspirin, ndipo ikakumana ndi meloxicam kapena carprofen, mankhwala ochepetsa ululu ndi kutupa amene a dokotala apereka, imayambitsa zilonda zotuluka magazi m'mimba. Ngakhale Panado asaperekedwe popanda chilolezo cha dokotala. Ngati osamalira muli awiri, lembani papepala ola limene mankhwala aperekedwa, kuti asamwe kawiri. Galu akasanza, akakana chakudya kapena chimbudzi chikada ngati phula, imitsani mankhwala ochepetsa kutupa aja n'kuimba foni. Akamalira mwadzidzidzi n'kutembenukira pomwe panali mwendo, ungakhale ululu wa m'mitsempha, ndipo pa vutoli madokotala amapereka gabapentin.

Bala likapola, ntchito yatsala pa miyendo itatu ija. Asanenepe: nthiti zizimveka mukasisita ndi dzanja. Zikhadabo zikhale zazifupi kuti asaterere. Maulendo afupiafupi angapo ndi abwino kuposa umodzi wautali, ndipo akakhala pansi panjira, ndiye kuti watopa.

[Pa sikirini: chithunzi cha X-ray ya chifuwa]

Kudula mwendo sikuchiza osteosarcoma. Mwa agalu ambiri imakhala itafika kale m'mapapo ngakhale X-ray isanayambe kuionetsa. Ndi opaleshoni yokha, galu amakhala ndi moyo miyezi pafupifupi 4 kapena 5. Ndi mankhwala olimbana ndi khansa (chemotherapy), monga carboplatin woperekedwa mumtsempha masabata atatu alionse maulendo 4 mpaka 6, nthawiyo imafika miyezi 10 mpaka 12, ena kupitirira. Agalu ambiri amaupirira bwino mankhwalawa kusiyana ndi anthu. Funsani a dokotala anu ngati angakutumizeni kwa katswiri kuno ku Johannesburg kapena ku chipatala cha ziweto cha University of Pretoria ku Onderstepoort. Chifuwa chiziunikidwa miyezi iwiri kapena itatu iliyonse, ndipo akayamba kutsokomola, kuonda kapena kutsimphina mwendo wina, musadikire tsiku limene anakupatsani.